Mbuzi Ikakondwa, Amalonda Ali Pafupi

Amayi anzanga a m'boma lino la Rumphi, kuyambira kumtunda ku Hewe ndi ku Katowo, kudzera ku Bolero ndi m'chigwa cha Henga, kufikira kunyanja ku Mlowe ndi ku Chitimba: Sabata ino tiyambe taika pambali za kuphika ndi kusoka, kuti tikambirane za ndalama zathu ndi za anthu amene amazilondalonda usana ndi usiku.

Mudziwa inu nomwe kuti ndalama kuno kwathu ili ndi nyengo yake monga mvula. Fodya akayamba kugulidwa ku okushoni ku Mzuzu, ndalama imalowa m'midzi ya ku Nkhamanga. Khofi akatsika m'mapiri a Phoka, nyemba ndi chimanga zikalowa m'matumba, usipa ukauma pa thandala, ndiponso chaka chikamatha pamene magulu a banki mkhonde agawana zimene adasunga, pafupifupi khomo lililonse limakhala ndi kangachepe. Nyengo imeneyi sitiidziwa ife tokha ayi. Akathyali nawonso amaiwerengera masiku, ndipo amafika pa nthawi yake osaphonya, monga mbalame zifikira m'munda wa mapira.

Munthu akaberedwa ndi anthu otere, kawirikawiri timamva akunena kuti, “Anandichita mankhwala, mutu unangoima,” kapena kuti ndalama zatengedwa ndi chitaka. Ine ndifuna ndikutsimikizireni lero kuti kathyali sayenda ndi nyanga. Chimene ali nacho ndi njira, ndipo njirayo ndi imodzimodzi kulikonse, kaya pamsika, pa foni kapena mu ofesi yopaka penti. Mayi amene waiona njirayo bwinobwino kamodzi adzaizindikira ngakhale itavala malaya ena.

Makadi atatu pa katoni

Tiyambire pamsika, pakuti pamenepo ndipo ukathyali uonekera poyera. Ambiri mwa inu mudaonapo, pa tsiku la msika kapena pa depoti ya mabasi, kagulu ka anthu katazungulira mnyamata amene wayala makadi atatu pa katoni. Iye amaonetsa khadi limodzi lofiira ndi awiri akuda, nawaponya chafufumimba, ndi kunena kuti woloza pamene pali lofiira alandira kawiri ndalama imene waika. Ena amachita masewera omwewa ndi tizitsekero titatu ta mabotolo ndi kanjere ka nyemba. Awa ndiwo ena mwa masewera amene timawatcha wachiona ndani.

Tsono imvani m'mene zimayendera. Mnyamatayo amagwira khadi limodzi kudzanja lina, ndi makadi awiri osanjikizana kudzanja linalo. Lofiira amaliika pansi pa linzake ndi kukuonetsani. Poyamba amaponyadi la pansilo, ndipo aliyense amaona pamene lagwera. Koma ikafika nthawi yakuti inu muike ndalama, amatsetsereza la pamwamba m'malo mwa la pansi, mwa liwiro lakuti diso silingathe kusiyanitsa. Kuyambira pamenepo maso anu amakhala akulondola khadi lolakwika. Wa tizitsekero uja naye amabisa kanjere pakati pa zala zake, kotero kuti pansi pa tizitsekero tonse titatu pamakhala popanda kanthu.

Luso la manja lokha silikadakwanira kukopa munthu wanzeru zake. Chimene chimakopa ndi anthu oimirira aja. Mwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene azungulira katoni, ambiri ndi a gulu lomwelo. Mmodzi amaika ndalama napambana inu mukuona, nawerenga ndalamazo mokweza. Wina amaloza dala khadi lolakwika pamene inu mwaona bwino pomwe pali lofiira, kuti mumtima muziti, “Koma bambo awa ngopusa, ndikadakhala ine ndikadadya.” Wina, kawirikawiri mayi wovala mwaulemu ngati inu nomwe, amakunong'onezani kuti muyese mwayi. Winanso amaima chapatali kuyang'ana apolisi. Mukalozadi khadi loyenera mwangozi, mnzawo amaponya ndalama yoposa yanu pa khadi lina, ndipo mwini masewera amati alandira ya wamkuluyo. Apo ayi wina amafuula kuti apolisi akubwera, katoni n'kugwetsedwa, onse balalabalala. Choipitsitsa n'chakuti pamene mumamasula mfundo ya chitenje kuti mutulutse ndalama, opisa m'matumba a gulu lomwelo amakhala ataona kale pamene mwasunga zotsalazo.

Motero pa masewera amenewa palibe za mwayi kapena tsoka. Mlendo sapambana, ndipo akaoneka ngati wapambana koyamba, ndiye kuti am'patsa dala kuti abwerenso ndi zambiri.

Zida zinayi za kathyali

Tikayang'anitsitsa pa katoni paja tipeza zida zinayi, ndipo ndikupemphani muzisunge pamtima.

Choyamba ndi nyambo. Msodzi wa ku Chiweta saponya mbedza yopanda kanthu, ndipo kathyali naye amayamba ndi kukuonetsani phindu lalikulu lobwera mosavuta. Nthawi zina nyambo yake imakhala mantha: amakuuzani kuti mukapanda kuchita zakutizakuti, tsoka likugwerani.

Chachiwiri ndi mboni yabodza, ndiye munthu wopambana pamaso panu uja. Kathyali adziwa kuti mawu ake okha simungawakhulupirire, koma mukaona mnzanu akulandira, mtima umagwa m'malo.

Chachitatu ndi changu. Nthawi zonse amati ndi lero lokha, malo atsala awiri, galimoto ikunyamuka. Safuna kuti mugone nayo nkhaniyo, chifukwa adziwa kuti bodza likagonera limasasa.

Chachinayi ndi chinsinsi. Amakuuzani kuti musauze bambo a kunyumba, musauze anzanu angakuchitireni nsanje, musauze munthu mwayi ungathawe. Iye safuna kuti pakhale mutu wachiwiri woganiza nanu.

Pamene pakumana zinthu zinayizi, dziwani kuti mwaima pa katoni ya makadi atatu, ngakhale makadiwo simukuwaona.

Katoni yalowa m'foni

Kale kathyali ankayenera kukwera basi kuti atipeze. Lero amatipeza tili pamtondo. Kuyambira pamene Airtel Money idayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, kutumiza ndalama kudaphweka, ndipo tiyamika, pakuti mwana wa ku Lilongwe atha kuthandiza mayi wake ku Mhuju pa kamphindi. Koma khomo lolowera mlendo ndi lomwelo lolowera mbala.

Ndani mwa inu sadalandirepo uthenga wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi? Wolemba uthengawo sakudziwani. Amautumiza kwa anthu mazanamazana, podziwa kuti mwa iwo mupezeka mmodzi amene tsiku lomwelo amafunadi kutumiza ndalama kwa mwini nyumba kapena kusukulu. Wina amaimba kuti ndi dalaivala wochokera ku Johannesburg, wanyamula katundu amene mbale wanu wakutumizirani, koma wagwidwa pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza ndipo pafunika ndalama ya msonkho msangamsanga. Popeza m'boma lino mabanja ambiri ali ndi wina wake ku Joni, bodzali limagwera pa nthaka yachonde. Wina amati mwana wanu wakomoka kusukulu yogonera komweko ndipo achipatala akudikira ndalama. Wina amati mwapambana mpikisano umene simudalowe, koma muyambe mwalipira yotsegulira mphotho. Wina amati dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo kapena pa ngongole ya boma, mungotumiza ya fomu. Winanso amakutumizirani uthenga wofanana ndi wa kampani, wonena kuti mwalandira ndalama, kenaka n'kuimba akulira kuti watumiza molakwitsa, mum'bwezere; mukabweza osayang'ana zimene zilidi mu akaunti yanu, mwapereka zanuzanu.

Izi si nkhambakamwa chabe. Bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA lidanenapo, monga zidalembedwa m'nyuzipepala mu 2023, kuti Amalawi ankaberedwa ndalama zokwana pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'njira zotere. Apolisi adanenanso kangapo konse kuti ambiri mwa mauthengawa ankachokera kwa akaidi a kundende ya Zomba, ogwirizana ndi anzawo a kunja otapa ndalamazo. Taganizani, amayi: munthu ali m'chitolokosi ku Zomba, koma akukolola m'munda wa mayi wa ku Ng'onga amene sadamuonepo.

Mu 2018 boma lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chiphaso cha mwini wake. Akathyali adapeza njira yozembera: amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena. Chifukwa chake chiphaso chanu cha unzika musachipereke kwa munthu wongodutsa amene akuti akulemba maina a olandira thandizo, pakuti mawa mlandu wa kuba udzagogoda pakhomo panu. Nambala yanu yachinsinsi ndi yanu nokha. Wa kampani weniweni saifunsa, ndipo woifunsa ndi mbala, ngakhale alankhule Chingerezi chosalala chotani. Mukalandira uthenga wa ngozi kapena wa katundu, dulani foniyo, muimbire mwini wakeyo pa nambala imene mumaidziwa kale, kapena mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo. Safunsa adadya phula.

Ndalama zobereka zokha

Pali ukathyali wina umene umavala jekete ndi tayi, ndipo umenewu ndiwo umakonda kulowera m'magulu a amayi. Kumabwera anthu aulemu wawo, nachititsa msonkhano, n'kunena kuti mukaika ndalama kwa iwo idzabereka kawiri pa mwezi umodzi kapena iwiri, makamaka mukabweretsa anzanu. Oyamba kulowa amalandiradi. Amagula malata, amavala zatsopano, ndipo mosadziwa amasanduka mboni zija za pa katoni. Kusiyana kwake n'kwakuti mboni za pano sizinama dala: ndi mlamu wanu, ndi mnzanu wa kumpingo, amene akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akukuchitirani zabwino.

Chinyengo chimenechi n'chakale. Mu 1920, mumzinda wa Boston ku America, munthu wina dzina lake Charles Ponzi adalonjeza anthu phindu la 50 pa 100 iliyonse m'masiku 45 okha. Malonda enieni analibe. Ankangotenga ndalama za olowa lero n'kulipira olowa dzulo. Chaka chomwecho zonse zidagwa, anthu zikwizikwi adataya chuma chawo, iye nakalowa m'ndende. Ku Russia, Sergei Mavrodi adachita zomwezo ndi bungwe lake la MMM limene lidagwa mu 1994. Patapita zaka, MMM yomweyo idatulukira kuno ku Africa kudzera pa intaneti, ikulonjeza 30 pa 100 iliyonse mwezi ndi mwezi. Mu 2016 idasiya anthu ali manja m'khosi ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Nigeria. Mavrodi adamwalira mu 2018, koma njira yake idatsala, ndipo imangosintha maina. Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, yakhala ikuchenjeza anthu za magulu otolera ndalama popanda chilolezo chake.

Kuti muone chifukwa chake zinthu zotere sizilephera kugwa, tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti woyambitsa wakopa anthu 6, ndipo aliyense wa iwo ayenera kubweretsa 6 ena kuti alandire. Mzere wachiwiri ukhala wa anthu 36, wachitatu 216, wachinayi 1,296, wachisanu 7,776, wachisanu ndi chimodzi 46,656. Mzere wachisanu ndi chiwiri ufuna anthu 279,936. Komatu kalembera wa 2018 adapeza kuti boma lonse la Rumphi lidali ndi anthu pafupifupi 229,000, kuwerengera makanda ndi nkhalamba zomwe. Pofika mzere wakhumi pafunika anthu oposa 60 miliyoni, pamene Malawi yense pa kalembera yemweyo adali ndi anthu 17.5 miliyoni. Anthu olowa amatha msanga, ndipo akatha, a m'mizere yomalizira, amene ndiwo ochuluka koposa, amatsala opanda kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina wina anena kuti, “Nanga ife mu banki mkhonde sitigawana phindu lalikulu kodi?” Zoona, koma ife timadziwa kumene phindulo lichokera. Timadziwa kuti mayi uje adakongola, nakagula tomato, nagulitsa, nabweza ndi chiwongoladzanja pamaso pa tonse. Ndalama imawerengedwa poyera, imalembedwa m'buku, ndipo makiyi a bokosi amasungidwa ndi anthu osiyana. Funso lofunsa aliyense wolonjeza phindu ndi lomweli: kodi ndalama yangayi ikagwira ntchito yanji, kuti, ndipo ndingapite kukaona ndi maso anga? Akayamba kuzungulira ndi mawu aatali, mangani chitenje muzipita.

M'gulu lomweli tiikemo aja amati amachulukitsa ndalama ndi mankhwala. Amakuuzani kuti muike ndalama m'chikwama kapena mumphika, musatsegule kufikira patapita masiku atatu, ndipo musauze munthu. Masiku atatuwo ndi oti iwo akafike kutali. Mukatsegula mupeza mapepala odulidwa bwinobwino. Munthu wodziwadi kuchulukitsa ndalama sakadagona m'chipinda cha lendi pa Boma kudikira K20,000 yanu.

Kandege ndi kubetcha pa mpira

Tsono ndinene za njuga imene yalowa m'nyumba zathu kudzera mwa amuna athu, ana athu, ndipo tisabise, ngakhale mwa ife amayi. Kubetcha pa mpira ndi masewera a Aviator, amene tonse tiwatcha kandege, n'kololedwa ndi lamulo ngati kampaniyo ili ndi chilolezo. Lamulo la 2022 loona za njuga ndi malotale lidakhazikitsa bungwe la MAGLA loyang'anira zimenezi, ndipo limaletsa ana osafika zaka 18 kusewera. Choncho sindikuti makampani ololedwawo amabisa khadi monga mnyamata wa pa katoni. Iwo safunika kubisa kanthu, pakuti masamu a masewerawo adakonzedwa kale mowakomera.

Opanga kandege amanena okha kuti pa K100 iliyonse imene osewera onse pamodzi aika, K97 ndiyo imabwerera kwa osewera, K3 n'kutsalira kampani. Ndalama ya K3 ioneka yochepa, koma kandege kamauluka kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo wopambana sapita kunyumba, amaikanso. Ndalama yomweyo ikazungulira maulendo 23, theka lake limakhala litapita kwa mwini masewera. Amene wapambana zambiri amajambulidwa ndi kulengezedwa. Zikwi za amene aluza ndalama ya feteleza ndi ya fizi sizijambulidwa. Apanso mboni ikugwira ntchito yake.

Pamwamba pa izi pabweranso akathyali enieni, amene amagulitsa pa WhatsApp ndi pa Facebook zimene amati ndi chinsinsi chodziwira pamene kandege kagwere, kapena zotsatira za mpira zimene amati zidakonzedwa kale. Ena amauza theka la anthu kuti timu iyi ipambana, theka linalo kuti iluza. Amene zawayendera amakhulupirira, nalipira zambiri ulendo wachiwiri. Wodziwadi zotsatira za mawa sakadazigulitsa kwa inu pa mtengo wa sopo.

Mukaona mwana kapena bambo akubisa foni, akukongola katapila osanena chifukwa, katundu wa m'nyumba akusowa, musadikire kuti mbuzi zithe m'khola. Khalani naye pansi mofatsa, muitane ankhoswe kapena akulu a mpingo. Munthu womira m'ngongole za njuga amafika poganiza zoopsa, ndipo chimene chimam'pulumutsa ndi abale om'gwira dzanja, osati om'seka.

Sikelo ndi ntchito za kutali

Pali njira zinanso ziwiri zimene sindingazisiye, chifukwa zimagwera ife amayi mwachindunji. Yoyamba ndi sikelo ya venda wosakhulupirika. Iye amafika pakhomo ndi ndalama m'manja, natchula mtengo wokwera pang'ono kuposa wa anzake, imeneyo ndiyo nyambo, koma sikelo yake adaipotokola. Thumba la makilogalamu 50 likamawerengedwa 46, ndiye kuti pa matumba 25 mwapereka matumba awiri aulere. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo limayesa masikelo a malonda ndi kuwaika chizindikiro, ndipo boma limalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira kugulira mbewu. Funsani chizindikirocho, funsani mitengoyo kwa alangizi a zaulimi. Gulu lililonse la amayi lingathe kusonkha ndi kugula sikelo yakeyake, kapena kusunga chinthu chimodzi chodziwika kulemera kwake choyesera sikelo ya mlendo. Gulitsani pamodzi, masana, ndipo ndalama muziwerenge ndi kuziyang'anitsitsa wogula asadanyamuke, pakuti nyengo yokolola ndiyonso nyengo ya ndalama zachinyengo.

Yachiwiri ndi ntchito za kunja zolonjezedwa kwa ana athu aakazi. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adakopedwa ndi malonjezo a ntchito zabwino, nakapezeka ali m'dziko la Oman, akugwira ntchito za m'nyumba ngati akapolo, mapasipoti atalandidwa, ena akumenyedwa ndi kuchitidwa zachipongwe. Oposa 50 adathandizidwa kubwerera kwawo. Apa chobedwa sichidali ndalama yokha, koma munthu amene. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu. Mwana wanu akauzidwa za ntchito ya kunja, pitani naye ku ofesi ya zantchito pa Boma mukafunse ngati wolemba anthuyo ndi wodziwika, ndipo muone pangano lolembedwa musadagulitse ng'ombe.

Manyazi ndiwo nkhokwe ya mbala

Amayi anzanga, ndasungira kumapeto chida chimene kathyali amadalira atachoka kale. Chida chimenecho ndi manyazi athu. Mayi akaberedwa amaopa kunena, kuopa mwamuna, kuopa kusekedwa pa chitsime. Amangoti ndalama zagwa, kapena amakakongola katapila kuti atseke dzenjelo mwakachetechete, dzenje n'kukulirakulira. Chifukwa cha kukhala chete kwakeko, kathyali yemweyo amabera mnzake wa khomo loyandikana sabata yotsatira, ndi bodza lomwelo.

Kuberedwa si chizindikiro cha umbuli. Aphunzitsi, anamwino, abusa ndi amalonda akuluakulu adagwamo. Mu 2022 ngakhale boma lidalipira K750 miliyoni ku kampani ina ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama kuti ibweretse feteleza, fetelezayo osaoneka, ndipo nduna ya zaulimi idachotsedwa pa udindo mu Okutobala chaka chomwecho. Ngati zidachitikira anthu okhala ndi maloya ndi akalaliki, nanji mayi amene ali yekha ndi foni usiku, atauzidwa kuti mwana wake ali pa imfa? Woyenera kuchita manyazi ndi wakubayo.

Lamulo lili kumbali yanu. Kutenga chinthu cha munthu mwa kum'namiza ndi mlandu pansi pa gawo 319 la malamulo a milandu a dziko lino, ndipo kuba kwa pa foni ndi pa intaneti kuli ndi lamulo lakenso la 2016. Mukaberedwa pa foni, musafufute uthengawo. Imbirani kampani ya foniyo nthawi yomweyo, pakuti nthawi zina ndalama imatsekeredwa isadatapidwe, kenaka mukanene ku polisi ya Rumphi kapena ku polisi ya kufupi ndi kwanu. Dziwitsaninso a mfumu ndi a chitetezo cha m'mudzi. Sindikulonjezani kuti ndalama idzabwera nthawi zonse. Madzi akatayika saoleka. Koma mawu anu adzatchinjiriza mnzanu. Chenjeraninso ndi munthu amene adzakuimbirani pambuyo pake, n'kunena kuti ndi wapolisi kapena wa kampani ndipo akubwezerani zobedwazo mukalipira kangachepe. Ameneyo ndi mbala yomweyo yabwerera kudzakunkha.

Zoti tipangane m'magulu mwathu

Popeza kathyali amafuna changu ndi chinsinsi, mankhwala ake ndi kudekha ndi kuuzana. Ndikupempha gulu lililonse la amayi, la kumpingo, la banki mkhonde kapena la ulimi, kuti pa msonkhano ukubwerawu lipangane zinthu zitatu.

Poyamba, pasakhale mayi wotulutsa ndalama yoposa imene gulu lagwirizana, kupatsa munthu wosam'dziwa kapena malonda achilendo, lisadatuluke dzuwa lina ndiponso asadauze anthu awiri. Malonda oona adzakhalapobe mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kachiwiri, ndalama ya gulu isachoke m'bokosi kupita ku malonda alionse popanda msonkhano wa onse, ngakhale wobweretsa nkhaniyo akhale wapampando, mkazi wa mfumu kapena mlendo wa galimoto. Gulu likakula, lifunse kwa alangizi a chitukuko za kusunga ndalama ku banki kapena ku SACCO yolembetsedwa.

Kachitatu, pa msonkhano uliwonse papatulidwe mphindi zochepa zakuti aliyense anene uthenga wachilendo umene walandira, kapena mlendo amene wafika m'mudzi ndi malonjezo. Amene waberedwa alandiridwe ndi ulemu, pakuti watiphunzitsa tonse ndi ndalama yake. Amayi odziwa kuwerenga awerengere anzawo, ndipo agogo amene amapatsa adzukulu foni kuti awatapire ndalama tiwaperekeze ife eni.

Ndalama ya m'boma lino siibwera mwamasewera. Imachokera m'nazale ya fodya imene mumathirira mbandakucha, m'mitolo ya nkhuni, m'madengu a usipa okwera nawo phiri la Chiweta. Munthu akakuuzani kuti ali ndi njira yachidule yoichulukitsira, ndipo mtima wanu wayamba kudumpha ndi chimwemwe, kumbukirani mawu a makolo akuti mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Muuzeni mwaulemu kuti mukaganiza, mukafunse anzanu, ndipo mubwere mawa. Mukadzam'peza mawalo akudikirabe ndi mayankho omveka, kambiranani. Koma ambiri a iwo simudzawapezanso.

Nkhaniyi muwerengerenso anzanu amene sadaione.